Kuonera Filimu ndi Kukonda Kanema Si Chinthu Chimodzi

Mu Lusaka wa masiku ano filimu yasanduka chinthu chosasowa ngati mchere. M'minibasi yochokera ku Matero kulowera m'tauni simulephera kuona mnyamata atawerama pa foni, timawaya tili m'makutu, akutsatira nkhondo ya mafumu a ku Korea kapena milandu ya banja lina la ku Lagos. M'nyumba zometera tsitsi za ku Chawama kanema amayatsidwa m'mawa n'kudzazimitsidwa usiku. Ndipo m'misika ya m'tauni muli anyamata amene, mukawapatsa makwacha ochepa, amakudzazirani fulashi ndi mafilimu oti simungawamalize ngakhale mutakhala mwezi wathunthu osapita kuntchito. Popeza aliyense akuonera, munthu angaganize kuti tonse ndife okonda kanema. Ine ndikuona mosiyana. Wokonda kanema sadziwika ndi kuchuluka kwa mafilimu amene adutsa pamaso pake. Amadziwika ndi kaonedwe kake, ndiponso ndi zimene amachita nayo filimuyo ikatha, anthu ena onse atanyamuka.

Amene anafikapo ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba, akudziwa kuti pabwalo la gule pamakhala oonera a mitundu iwiri. Ambiri amaona fumbi, nthenga ndi liwiro, amakuwa, amasangalala, ndipo palibe cholakwa pamenepo, chifukwa gule amatulukira iwo omwe. Koma m'khamu lomwelo mumakhala nkhalamba imene maso ake ali pa mapazi a gule ndipo khutu lake lili pa mbalule. Imadziwa pamene woimba ng'oma wachedwa kuyankha phazi, imazindikira nyimbo imene yasinthidwa mawu, ndipo ikhoza kukuuzani kuti gule yemweyu ankavina mwanjira ina zaka khumi zapitazo. Sikuti chisangalalo cha nkhalambayi n'chochepa poyerekeza ndi cha anzake. Iyo imasangalala kawiri, poyamba ndi zimene zikuoneka, kachiwiri ndi luso limene likuzichititsa. Wokonda kanema ali ngati nkhalamba imeneyo, ngakhale atakhala mtsikana wa zaka 16 wa ku Kalingalinga.

Dzina la munthu wotere linabadwira ku France, kumene amamutcha cinéphile, ndipo mbiri yake ndi yoyenera kuidziwa. Pa 28 December 1895 abale awiri, Auguste ndi Louis Lumière, anaonetsa zithunzi zoyenda kwa anthu olipira pakhomo m'chipinda china cha Grand Café mumzinda wa Paris. Kwa zaka zambiri kuchokera pamenepo filimu inkatengedwa ngati katundu wa nyengo: ikasiya kubweretsa ndalama inkatayidwa, kapena kusungunulidwa kuti achotsemo siliva. Mnyamata wina dzina lake Henri Langlois sanagwirizane nazo. Mu 1936 iye ndi Georges Franju anakhazikitsa Cinémathèque française, malo osungira mafilimu akale ndi kuwaonetsanso, ndipo pa nthawi imene asilikali a Germany analanda Paris anabisa mafilimu ambiri amene akanalandidwa kapena kuwonongedwa. Nkhondo itatha, m'chipinda chake choonetsera munkadzaza achinyamata amene ankaonera mafilimu awiri kapena atatu usiku umodzi, n'kutuluka akukangana za zimene aona. Ena mwa iwo, monga François Truffaut ndi Jean-Luc Godard, anayamba kulemba m'magazini ya Cahiers du cinéma, imene André Bazin ndi anzake anaiyambitsa mu 1951, ndipo pasanathe zaka khumi anali akupanga mafilimu awoawo. Truffaut analetsedwa kulowa ku chikondwerero cha mafilimu cha Cannes mu 1958 chifukwa cha kulemba kwake kolasa. Chaka chotsatira anabwerako atanyamula mphoto ya wotsogolera filimu wabwino koposa. Boma litachotsa Langlois pa udindo wake mu February 1968, anthu amenewa anatuluka m'misewu kukachita zionetsero, mpaka iye anabwezeredwa mu April.

Chimene chimandikhudza pa nkhaniyi n'chakuti ambiri mwa achinyamata amenewa sanapite ku sukulu ya kanema. Sukulu yawo inali kuonera, kuoneranso ndi kukangana. Iwo ndiwo anafalitsa maganizo akuti filimu, ngakhale imapangidwa ndi anthu mazana, ili ndi mwini dzanja, amene ndi wotsogolera, ndipo dzanja lakelo limazindikirika monga mmene mayi wodziwa kuumba amazindikirira mphika wa mnzake wa mudzi wina pongoona kamwa lake. Maganizo amenewa ali ndi malire, pakuti amaiwalitsa wolemba nkhani, wogwira kamera ndi wolumikiza zithunzi, koma anaphunzitsa oonera kufunsa funso limene ambiri a ife sitifunsa: kodi wapanga filimuyi ndani? Kuno kwathu timati “filimu ya Jet Li” kapena “filimu ya Van Damme,” kutchula nkhope imene taiona, ndipo mayina akayamba kukwera kumapeto timazimitsa, pamene ndi mmene mwalembedwa anthu amene anatiseketsa kapena kutiliza.

Komabe kungakhale kulakwa kuganiza kuti chikondi chimenechi n'cha ku Paris, chakuti ife tiyenera kuchiitanitsa ngati katundu wakunja. Dziko lathu lili ndi mbiri yakeyake ya oonera, ndipo inayamba ndi anthu amene ankaonedwa ngati osatha kuona bwino. Mu 1932 gulu lotumidwa ndi amishoni, lotsogozedwa ndi J. Merle Davis, linafufuza moyo wa anthu ogwira ntchito m'migodi ya ku Copperbelt, ndipo kuchokera m'kafukufuku ameneyo munatuluka ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, imene pakati pa 1935 ndi 1937 inajambula mafilimu pafupifupi 35 ku Tanganyika n'kumayenda nawo m'maiko a kum'mawa kwa Africa, ku Nyasaland ndi kuno ku Northern Rhodesia. Nkhani zake zinali za ulimi, ukhondo, kusunga ndalama ku positi ofesi ndi kukhoma msonkho. Kenaka, kuyambira 1948 mpaka 1963, kunali Central African Film Unit, imene likulu lake linali ku Salisbury, Harare wa lero. Maganizo a kumbuyo kwa mafilimu oterewa anali amodzi: munthu wakuda ndi mwana wa sukulu, ndipo chithunzi ndi mphunzitsi wake.

Anthu a m'makomboni a migodi anadzisankhira okha zimene ankafuna. Baisikopo inkaonetsedwa pabwalo, usiku, kwa chinamtindi cha anthu, ndipo chimene ankachidikira sichinali phunziro la kukumba chimbudzi ayi, koma makauboyi a ku America. Hortense Powdermaker, mayi wa ku America wofufuza za chikhalidwe amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, analemba kuti ngwazi ya m'mafilimu amenewa inkatchedwa Jack mosasamala kuti wosewerayo ndani, ndipo ndewu ikabuka oonera ankaimirira, kukuwa ndi kumulimbikitsa. Ana ankasema mfuti zamitengo n'kumayenda ngati Jack m'misewu ya komboni. Mafilimuwo ankafika atadulidwadulidwa ndi bungwe loona zoyenera kuonetsedwa kwa anthu akuda, limene linkachotsa mbali zimene linkaopa kuti zichepetsa ulemu wa azungu, motero nthawi zambiri nkhani inkakhala yopanda mutu ndi mchira. Chingerezi chakenso, m'phokoso lotero, ankachimva ndi ochepa. Akuluakulu achitsamunda ataona zimenezi anagamula kuti anthu athu samvetsa kanema. Wolemba mbiri Charles Ambler, m'nkhani yake ya mu 2001 yonena za oonera a ku Northern Rhodesia, anasonyeza kuti zinthu sizinali choncho: anthuwo ankatenga zidutswa zimene apatsidwa n'kulukamo tanthauzo lawolawo, mokweza mawu, onse pamodzi.

Ine sindidabwa nazo, chifukwa umu ndi mmene timamverera nthano. Ambuya akati “Padangokhala,” ana sakhala chete; amayankha kuti “Tili tonse,” ndipo nyimbo ikafika amavomera. Nthano imene omvera ake sakuyankha imafera m'kamwa mwa wosimba. Mwambo umenewu sunathe ndi ufulu wa mu 1964. Unapitirira pa mabwalo a sukulu pamene magalimoto a nthambi ya boma yofalitsa nkhani, imene lero timaitcha ZANIS, ankakunga chinsalu choyera dzuwa likalowa, ndipo unadzakulira m'tinyumba ta vidiyo ta m'makomboni. Ndimakumbukira bwino kanyumba kotere ku Mandevu: mabenchi a matabwa, nsalu yakuda yotchinga pakhomo, bolodi lapanja lolembedwa ndi choko dzina la filimu ndi nthawi yake, ndiponso kutentha kwa malata masana a mu October. M'menemo ndi mmene ndinaonera Bruce Lee koyamba, pamodzi ndi mafilimu a Amwenye a maola atatu amene tinkaimba nyimbo zake osadziwa liwu n'limodzi lomwe la Chihindi. Pambuyo pake kunabwera mafilimu a ku Nigeria, amene msika wake unatseguka mu 1992 pamene Kenneth Nnebue anagulitsa Living in Bondage pa matepi a VHS. M'kanyumba kaja munali mnyamata wina wamkulu amene anali ataonera filimu iliyonse kasanu. Ankadziwa pamene tepi yadulidwa, ankatha kusiyanitsa karate ya ku Japan ndi kung fu ya ku Hong Kong, ndipo ankatiuza kuti tiziyang'ana ngati kamera ikuonetsa thupi lonse la womenya, kapena ikubisa kusadziwa kwake podula chithunzi pafupipafupi. Mnyamatayo sanamvepo za Langlois, koma anali wa fuko lomwelo.

Apa m'pofunika kusiyanitsa mitundu iwiri ya phokoso, chifukwa ena amaganiza kuti kukonda kanema ndiko kukhala duu ngati uli pamaliro. Mayi amene wafuula kuti “Thawa, mwanawe!” pamene chigawenga chikutsegula chitseko ali m'kati mwenimweni mwa filimu, ndipo wopanga filimuyo atamumva akhoza kukondwa. Koma bambo amene akuwerenga mauthenga a pa WhatsApp n'kumadzutsa mutu pokhapokha mfuti ikalira, thupi lake lokha ndilo lili pamenepo. Chinthu choyamba chimene wokonda kanema amapereka ndi maso ake onse ndi makutu ake onse kwa maola awiri, ndipo m'nthawi yathu ino, pamene foni imatiitana mphindi iliyonse, chopereka chimenechi chakwera mtengo kuposa tikiti.

Nanga maso amenewo amaona chiyani? Filimu ndi zithunzi zoima zimene zimadutsa mofulumira, kawirikawiri 24 pa sekondi imodzi, mpaka ubongo umaziona ngati zikuyenda. Filimu ya maola awiri ili ndi zithunzi 172,800, ndipo pafupifupi chilichonse chimene chili m'menemo chinasankhidwa ndi munthu. Wina anasankha poimika kamera: ikakhala pansi n'kuyang'ana m'mwamba, mfumu imaoneka yoopsa, ikakhala patali, mfumu yomweyo imaoneka yosungulumwa pakati pa bwalo lopanda anthu. Wina anasankha podula chithunzi ndi chimene chibwere pambuyo pake, ndipo apa ndi pamene pagona mphamvu yaikulu ya kanema. Lev Kuleshov wa ku Russia anasonyeza zimenezi zaka zoposa 100 zapitazo. Malinga ndi mmene wophunzira wake Vsevolod Pudovkin anasimbira, anatenga chithunzi cha nkhope ya wosewera Ivan Mosjoukine, yosaseka ndiponso yosalira, n'kuchilumikiza poyamba ndi mbale ya msuzi, kenaka ndi mayi wakufa ali m'bokosi, kenaka ndi kamtsikana kosewera ndi chidole. Oonera anayamikira luso la wosewerayo poonetsa kulingalira, chisoni ndi chimwemwe, pamene nkhopeyo inali imodzimodzi. Tanthauzo silinali m'nkhope, linabadwira pamfundo pamene zithunzi ziwiri zakumana, ndiponso m'mutu mwa woonera. Munthu akadziwa zimenezi saoneranso nkhani za pa TV kapena kanema wa chipani cha ndale monga kale, chifukwa amayamba kufunsa kuti khamu limene likuwomba m'manjalo linajambulidwa nthawi yomweyo kapena linalumikizidwa pambuyo pake.

Kuwala nako kuli ndi nkhani yake, ndipo ifeyo imatikhudza mwapadera. Kwa zaka zambiri khadi limene kampani ya Kodak inkapereka kwa otsuka zithunzi kuti aziyezera mitundu linali ndi nkhope ya mkazi wachizungu, ndipo zipangizo zojambulira zinkakonzedwa poganizira khungu loyera. Chotsatira chake chinali chakuti munthu wakuda ankatuluka ngati mthunzi wokhala ndi mano ndi maso okha. Wojambula amene amadziwa kuunikira khungu lakuda, kuti mphumi iwale bwino ndipo makwinya a nkhalamba aoneke limodzilimodzi, wachita ntchito yaulemu, ndipo woonera watcheru amaizindikira. Za mawu n'chimodzimodzi. M'mafilimu opangidwa ndi ndalama zochepa, kuphatikizapo athu ambiri, chimene chimayamba kugwa ndi mawu: mphepo imawomba m'maikolofoni, wosewera wina amamveka ngati akuyankhulira mumgolo, ndipo nyimbo ya pa kiyibodi imathiridwa paliponse kuti itiuze nthawi yolira. Amene waphunzira kumvetsera amayamba kuyamikira wotsogolera wolimba mtima, amene amalola kuti kukhale zii, kuti kulira kwa nkhululu kapena kugunda kwa munsi mumtondo kunene zimene nyimbo ikanaziwononga.

Zonsezi sizioneka ulendo umodzi, ndipo n'chifukwa chake wokonda kanema amabwerera ku filimu imene akuidziwa kale mapeto ake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipereke chitsanzo cha I Am Not a Witch, filimu ya mu 2017 ya Rungano Nyoni, amene anabadwira mu Lusaka muno n'kukakulira ku Wales, ndipo analandira nayo mphoto ya BAFTA mu 2018. Nkhani yake ndi ya kamtsikana kotchedwa Shula, kamene kanamiziridwa ufiti n'kuikidwa pamodzi ndi amayi achikulire omangidwa kumsana ndi maliboni oyera aatali, ndipo kauzidwa kuti kakadula liboniyo kasanduka mbuzi. Ulendo woyamba ndinkangofuna kudziwa kuti mwanayu zimuthera bwanji. Ulendo wachiwiri ndi pamene ndinaona kuti liboni iliyonse ndi muyezo wa ufulu wa mwini wake, kuti kutalika kwake kumasankhidwa ndi anthu ena, ndiponso kuti kamera imakhala nthawi yaitali pa nkhope ya Maggie Mulubwa asakunena kanthu, mpaka woonera amachita manyazi ndi kuseka kumene anaseka mphindi yapitayo. Kuseka ndi manyazi amenewo sizinangochitika. Zinaikidwa motsatana ndi munthu wodziwa chimene akuchita. Mu 2024 Nyoni analandiranso mphoto ya utsogoleri wa filimu ku Cannes, m'gawo la Un Certain Regard, chifukwa cha On Becoming a Guinea Fowl, ndipo amene anaonera filimu yoyambayo mosamala amalizindikira dzanja lomwelo.

Pali nthenda imodzi imene imagwira okonda kanema, ndipo ndi kunyada. Munthu akaonera mafilimu angapo opata mphoto za ku Ulaya amayamba kunyoza azakhali ake amene salola kuphonya Mpali kapena Zuba pa Zambezi Magic. Ameneyo sanaimvetse mbiri ya chinthu chimene akudzitama nacho, pakuti achinyamata a ku Paris aja anatchuka poteteza Alfred Hitchcock ndi Howard Hawks, amene ophunzira a nthawi imeneyo ankawaona ngati opanga zosangalatsa za pamsika chabe. Luso limapezeka m'filimu ya karate ndi m'sewero la pa TV, ndipo ulesi umapezekanso m'filimu yonyamula mphoto. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mwambiwu umagwira filimu ya mabomba ndi magalimoto ouluka, umagwiranso filimu yoyenda pang'onopang'ono imene ilibe chonena. Azakhali amene akhoza kukufotokozerani chifukwa chake sakukhulupirira mmene khalidwe la mkazi wina wa m'sewero lasinthira pakati pa chaka chatha ndi chino akuchita ntchito yomweyo imene Bazin ankaichita ndi cholembera.

Nkhani ya chiyankhulo ndi yaikulu kwa ife. Ousmane Sembène wa ku Senegal, amene anagwirapo ntchito yotsitsa katundu pa doko la Marseille asanakhale wolemba mabuku, anazindikira kuti anthu amene ankawalembera sankatha kuwerenga Chifalansa. Anapita ku Moscow kukaphunzira kanema, imene ankaitcha sukulu ya usiku ya anthu ake, ndipo mu 1968 anatulutsa Mandabi m'Chiwolofu. Chaka chotsatira ku Ouagadougou kunayamba FESPACO, chikondwerero chimene mpaka lero chimasonkhanitsa opanga mafilimu a mu Africa. Ife oyankhula Chichewa tinalawa zimene Sembène ankazifuna mu 2019, pamene Chiwetel Ejiofor anatulutsa filimu ya nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu ku Malawi, n'kuikamo Chichewa chambiri. Ambiri a ife tinamva kuti katchulidwe ka osewera ena n'kachilendo, ndipo tinali ndi ufulu wonena zimenezo. Komabe ndinaona anthu akukhala tsonga pamipando atamva moni wa kwawo akutuluka m'filimu imene dziko lonse linkaonera. Wokonda kanema amatha kusunga zonse ziwiri mumtima, kuyamikira ndi kudandaula. Amakhalanso wokonzeka kuwerenga mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi, chifukwa amene wakana kuwerenga wadzitsekera khomo la mafilimu a ku Mali, Iran, Japan ndi Brazil, ndipo wadzimana kumva mmene anthu ena amalirira ndi kukondana m'chiyankhulo chawo.

Masiku ano funso lalikulu ndi lakuti akukusankhirani ndani. Makompyuta a Netflix kapena YouTube amaona zimene munaonera dzulo n'kukupatsani zofanana nazo lero, ngati kholo limene laona kuti mwana amakonda vitumbuwa n'kumamupatsa vitumbuwa m'mawa, masana ndi usiku. Wokonda kanema amayenda ulendo wake yekha: akakonda filimu amafufuza amene anaipanga, amafuna kudziwa kuti iyeyo ankaonera za yani, ndipo mwanjira imeneyo amadutsa m'maiko ndi m'zaka zimene makinawo sakanamutengerako. Palinso timavidiyo ta pa TikTok ndi Facebook timene timasimba filimu yonse m'mphindi khumi. Ndikumvetsa chifukwa chake tafala, pakuti bandulo ndi yodula, ndipo mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ochuluka kuposa amene ankayaka. Koma chidule chotere chimangopereka zochitika, n'kutaya kuwala, mawu, kudekha ndi nkhope, zimene ndizo filimu yeniyeniyo. Zili ngati mnzanu akusimbirani kukoma kwa ndiwo zimene wadya yekha.

Sindili m'gulu la amene amati filimu yoonera pa foni si filimu. Tikiti ya m'nyumba za kanema za m'mamolo, kuwonjezapo ndalama ya takisi yobwerera usiku, ndi ndalama imene mabanja ambiri ayenera kugulira ufa. Komabe amene angathe, ngakhale kamodzi pachaka, ayesetse kukaona chithunzi chimene chinapangidwira khoma lonse chili pa khoma lonse, chifukwa munthu woima patali m'chigwa, amene wotsogolera anamuika kuti atilase mtima ndi kuchepa kwake, pa foni amangosowa. Malo ena a chikhalidwe, monga Alliance Française, amaonetsa mafilimu amene m'mamolo safikamo.

Ndifike tsopano pa nkhani yowawa, ya anyamata a fulashi aja. Zoona zake n'zakuti mafilimu ambiri a mu Africa ndi ovuta kuwapeza m'njira yovomerezeka. N'kwapafupi mu Lusaka kupeza filimu ya ku Hollywood yotuluka mwezi watha kusiyana ndi ya Sembène, kapena ya Shemu Joyah wa ku Malawi, dziko limene tagundana nalo malire. Sindingamuweruze wophunzira amene wapeza filimu yotere mwanjira iliyonse imene wakwanitsa. Koma filimu ya kwathu ikakhala pamalonda, tikiti ikugulitsidwa, kuikopera mwaulere n'kudya mbewu. Musola Cathrine Kaseketi, amene anapanga Suwi ndi kuyambitsa chikondwerero cha mafilimu cha Shungu Namutitima ku Livingstone; Kenny Mumba, amene filimu yake Can You See Us?, yonena za mnyamata wachialubino, inafika pa Netflix mu 2023; Malenga Mulendema, amene chaka chomwecho anaonetsa dziko Lusaka wa m'tsogolo m'katuni ya Supa Team 4: anthu ngati amenewa adzapanga filimu yotsatira pokhapokha ngati yoyambayo yabweza zimene inadya. Kulipira kokha nakonso sikukwanira. Kuwombera m'manja filimu yofooka chifukwa choti ndi yathu ndi kunyoza kobisika, chifukwa kumatanthauza kuti sitinayembekezere zabwino kwa mwana wa kwathu. Mnzako weniweni ndi amene amakuuza kuti wavala malaya mopotoza usanafike pagulu. Tikufunika anthu olemba za mafilimu athu moona mtima ndiponso mwaulemu, otchula pamene mawu sanamveke ndi pamene wosewera anachita zodabwitsa, ndipo ena mwa iwo azilemba m'Chinyanja, m'Chibemba ndi m'Chitonga.

Langlois anaona kale chinthu chimene oonera ambiri sachiganizira, chakuti mafilimu amafa. Akale ankajambulidwa pa nitrate, imene imagwira moto mosavuta ndi kuwola yokha, ndipo lipoti la Library of Congress la mu 2013 linapeza kuti pafupifupi 70 peresenti ya mafilimu aatali opanda mawu a ku America anatayika kotheratu. Ngati zinatero m'dziko lolemera chotero, nanga kuno? Martin Scorsese anakhazikitsa Film Foundation mu 1990 kuti izipulumutsa mafilimu, ndipo nthambi yake yoona za maiko ena inakonzanso Touki Bouki, filimu ya mu 1973 ya Djibril Diop Mambéty, mu 2008. Mu 2017 bungweli linagwirizana ndi UNESCO ndi FEPACI, mgwirizano wa opanga mafilimu a mu Africa, kuti afufuze ndi kukonzanso mafilimu 50 a kontinenti ino. Ife a ku Zambia tinaphunzira kale phunziroli pa nyimbo: za WITCH ndi magulu ena a Zamrock a m'ma 1970 zinali zitasowa pamsika mpaka makampani akunja, monga Now-Again ya ku Los Angeles, anazitulutsanso. Ndimaganizira masewero amene tinakula nawo, monga Kabanana, ndi mafilimu ang'onoang'ono amene ankagulitsidwa pa DVD m'misika, koma ndimaganiziranso zimene zili m'nyumba zathu: matepi a ukwati, a kwaya, a maliro a agogo, ali m'katoni pansi pa bedi. Tepi imachita nkhungu, DVD imakalika, ndipo fulashi imafa tsiku limodzi osatsanzika. Wokonda kanema wa mu Lusaka akhoza kuyambira pa katoni imeneyo, kusamutsira zimene zilimo pa kompyuta, kuzisunga m'malo awiri osiyana, ndi kukhala pansi ndi ambuya adakali ndi mphamvu kuti atchule mayina a anthu amene akuoneka, chaka ndi mudzi wake. Kampani yomaliza yodziwika yopanga makina oonetsera matepi a VHS, Funai ya ku Japan, inasiya kuwapanga mu 2016, motero makina alionse amene akuzungulirabe mumzinda muno ndi amodzi mwa otsala, ndipo akawonongeka palibe atsopano odzalowa m'malo mwake.